Kuperekeza Mayi wa Kamera

Mphekesera yake inayambira pamjigo, ndipo pofika kuchigayo inali itanenepa kale. Ankanong'onezana kuti kukubwera mayi wina woyenda wapansi, wobereka chikwama chakuda, amene amasakasaka anthu oti zinawaonekera pamoyo. Akakupeza, ati, amakukhazika pansi n'kukulozetsa kamera, iwe n'kuyamba kukhuthula za mumtima ngati wakumwetsa mankhwala. Mawu akowo amawatsekera m'kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukawagulitsa kunja kwa anthu okonda kuonerera misozi ya anzawo. Ena ankati munthu akajambulidwa, chithunzithunzi chake chimayamba kuonda. Za kuondazi ndinaikapo ndine, ndipo zinayenda bwino kuposa zina zonse. Kwathu ankanditcha Kawailesi. Sukulu ndinalekeza titangoyamba kulembera bolopeni, koma pa nkhani za eni ndinali nditafika kale kusekondale.

Mayiyo anafikadi, ndipo pakhomo pamene anaodira panali pathu. Anali wamfupi, wa nsapato zotha kuchidendene, dzina lake Velina. Ife tinkangoti Anti. Chimene chinawabweretsa chinali achemwali anga, a Fanesi.

A Fanesi anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba kudziko lina lakutali, la mchenga wokhawokha, atatengedwa ndi munthu wina wa pakamwa pozuna. Anachoka ali onenepa, oseka mpaka agalu a kutsidya n'kuyamba kuuwa. Anabwera ataonda, opanda ndi chikwama chomwe, ndipo za kumeneko sananenepo kanthu. Kunja kwa mpanda sankatuluka. Akamva makiyi akulira m'thumba la munthu, ankagwetsa chimene agwira. Chitseko cha kuchipinda kwawo anachizula okha n'kuchitsamiritsa kukhonde. Ine ndinayesa njira zonse zowatolera nkhani, powaluka tsitsi, posenda nawo chinangwa, ngakhale kunamizira kulira. Ankangondiyang'ana n'kundifunsa kuti pulogalamu yanga imayamba nthawi yanji, kuti nawonso atchere khutu.

Anti anakhala pathu masiku angapo chikwama chili chitsekere. Ankatunga nafe madzi, kusesa, kucheza ndi amayi za mbozi za m'chimanga. Ndinamva pambuyo pake kuti a Fanesi ndi amene anachita kuwaitanitsa, kudzera mwa mnzawo amene anabwerera naye limodzi kuchokera kumchengako. Mmawa wina amayi anandituma kuchigayo cha kutali, ati cha pafupi chikugaya moipa. Pobwera ndinapeza zatha. Awiriwo anali kuseri kwa nkhokwe, kamera itavindikiridwa ndi nsalu, a Fanesi maso ali otupa koma akutafuna nzimbe. Zinandiwawa, ndisaname. Mlendo wa dzana anamva mmawa umodzi zimene ine, wobadwa nawo bere limodzi, ndinazisaka mpaka kutopa.

Tsiku lonyamuka amayi anayala mphasa. Anti anafunsa ngati adzaloledwe kuonetsa anthu zimene anajambulazo filimu ikadzatha. Amayi anafulumira kuyankha kuti palibe vuto. A Fanesi anayang'ana pansi n'kuti chabwino. Ine ndinkayembekeza kuti Anti adumpha ndi chimwemwe, koma anangogwedeza mutu. Pakhomo la mpanda anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale, uku akuyang'ana a Fanesi cham'mbali. A Fanesi anafika pakhomopo n'kuima, zala za kuphazi zili pamalire enieni. Amayi ataona kuti zikuchititsa manyazi anati, "Iwe Kawailesi, tenga chikwama uwaperekeze alendo."

Mukudziwa mmene timaperekezera. Umanyamula katundu wa mlendo, n'kumayenda naye mpaka iye mwini atanena kuti bwererani pano. Tinadutsa mjigo, tinadutsa manda, tinafika pamlatho wa mitengo. Pamenepo Anti anatambasula dzanja.

"Bwerera pano, mwana iwe. Zikomo."

"Ndibwerera mukandipatsa mawu a achemwali anga."

"Si anga oti ndingakupatse."

"Ndiye ndikadali kukuperekezani."

Anti anaimbira foni ya aneba athu kuti alankhule ndi amayi, ndipo ndinamva ndekha amayi akuti anditenge, mwina makutu a pakhomo angapumeko. Umo ndi mmene ndinachokera kwathu, ndi diresi imodzi ndi chikwama cha eni. Mumtima ndinali ndi zofuna ziwiri, ndipo sizinkamvana: kulondera mawuwo kuti asawamve munthu aliyense, ndi kuwamva ineyo.

Kuyambira pamenepo masiku anasiya kukhala ndi mayina. Tinkayenda wapansi, nthawi zina pa kabaza, nthawi zina mu lole, pamwamba pa matumba a makala. Mvula inkagwa n'kusiya, mango ankapsa n'kutha. Padepoti iliyonse panali mayi wa mpango wofiira wogulitsa nthochi, ndipo ndikanalumbira kuti anali yemweyo. Nthawi zina ndimaganiza kuti unali mudzi umodzi womwewo, umene unkathamangira kutsogolo kwathu n'kukasintha zovala.

Tinafika pamudzi wa matope, pansi pa phiri lokhala ndi chipsera choyera kuyambira pamwamba mpaka m'munsi. Phirilo linagumuka chaka china n'kukwirira nyumba ndi anthu omwe. Kumeneko kunali telala wina, a Muhiwa, amene anatsala okha pabanja lawo, iwo ndi mutu wa makina osokera umene anaufukula m'matope. Uko n'kumene ndinaphunzira kugwira ndodo ya maiki. Umaikweza pamwamba pa mutu wa wolankhula, osanjenjemera, osatsokomola, osavomereza ngakhale nkhani itafika pokoma. Munthu akatha kulankhula, Anti ankatiuza kuti tonse titseke pakamwa, iwo n'kujambula chete wa pamalopo. Ati malo aliwonse ali ndi chete wakewake, ndipo amafunika polumikiza mawu. Ine ndinati mumtima, taonani, akuba ndi chete yemwe. Kwa ine kanthawi kameneko kankatalika kuposa ulaliki wa pamaliro.

A Muhiwa atayamba kulira, Anti anazimitsa kamera n'kuyang'ana kumbali mpaka iwo atapukuta maso ndi kansalu kotsala posoka. Ndinadabwa, chifukwa mphekesera inkati misozi ndiye katundu weniweni. Ndinaganiza kuti mwina kamerayo imajambulabe ngakhale itazima.

Pamphasa, pamaso pa abale ndi anansi, a Muhiwa anati chabwino, dziko lonse lione. Kenako anakweza chikwama chathu panjinga n'kutiperekeza akuikankha. Anti ankayenda pang'onopang'ono ngati wodwala mwendo. Tinafika pamkuyu wina waukulu. A Muhiwa anaima, anakamba za mvula, za kusowa kwa ulusi wolimba masiku ano, kenako mawu anatsika. Anati paja ananena mu kamera kuti mkazi wawo anawadzutsa atamva phiri likulira, iwo n'kumuyankha kuti agone, ndi mabingu chabe. Pamenepo pachotsedwe. Apongozi awo akadali moyo, ndipo amawapatsabe moni.

Anti anakhala pamuzu, anatsegula laputopu, anawaonetsa malowo, n'kufufuta iwo akuona. Telalayo atabwerera, ndinafunsa chifukwa chake sananene zimenezo kunyumba. Anti anati pamphasa mlendo sakanizidwa, ndiponso pamakhala makutu ambiri. Chabwino wa pamphasa ndi ulemu chabe, ngati madzi osamba m'manja. Munthu amanena zoona ali panjira, ali chiimire pa miyendo yake, pamene akhoza kutembenuka n'kumapita nthawi iliyonse. N'chifukwa chake iwo sachoka pakhomo pa munthu ndi galimoto.

"Nanga achemwali anga? Si anavomera?"

"Anandiperekeza?"

"Ndinakuperekezani ndine."

"Iwe ndiwe Fanesi?"

Ndinaona kuti ndi zochenjera za anthu a m'tauni, zoti ndisiye kuyang'anitsitsa chikwama. Koma panjira yonseyo mawu a telala aja ankandiyabwa pakamwa. Mu laputopu anali atachoka, m'mutu mwanga anali akadali otentha, ndipo ndinalibe woti ndimuuze kupatula mbuzi za eni.

Tinafika m'tauni ya msika wopsa. Malata opindika anali akadali mulu kuseri kwa mashedi atsopano, ndipo mvula ikawaza fungo la utsi linkadzukanso. Kumeneko kunali mayi Sigele, ogulitsa kaunjika, amene moto unawapeza akupulumutsa mabelo awo. Mbali imodzi ya nkhope ankaiphimba ndi mpango. Uko ndinaphunzira za kuwala, kuti munthu sumuika moyang'anizana ndi dzuwa ngati wogwidwa ndi mlandu, umamufunsa mbali imene akufuna dzuwa limukhudze. Pamphasa wolankhula anali mwamuna wawo. Anati chabwino, koma tijambule manja okha, nkhope ayi, anthu angamaseke banja lake. Mayi Sigele anati zimene anena bambowa ndi zomwezo.

Nthawi yotiperekeza bamboyo anavalanso nsapato kuti atsagane nafe. Anti anamupempha ndi ulemu wonse kuti atithandize kukachajitsa batire kwa mnzake wa magetsi, ati ntchito imeneyo imafuna munthu wodziwika. Anapita akudzimva. Ife tinayenda ndi mayi Sigele mpaka pamthethe wa kuseri kwa depoti. Pamenepo anamasula mpango pang'onopang'ono, n'kuupinda bwinobwino ngati malaya ogulitsa.

"Nkhopeyi ndi yanga, sinapse ya bambowo. Tulutsani kamera, dzuwa libwere mbali inoyi."

Amayi a mumsika anandizungulira tisanakwere basi, akundipatsa zitumbuwa, kuti ndiwauze zimene mnzawo ananena. Lilime linatsala pang'ono kudumpha lokha. Kuti lisafe ndi njala ndinalidyetsa zina. Ndinawauza kuti Anti ali ndi mwamuna boma lililonse, ndipo wa kumpoto ndi wamfupi kuposa iwo. Anti atazimva anaseka mpaka kukhala pansi, n'kuti za iwo ndinene mmene ndingathere, bola za eni ndizisiye. Kusekako sikunandigwire mtima. Ndinati munthu wosakwiya atanamiziridwa chotere, ndiye kuti pali chachikulu chimene akubisa. Ndinkawaonanso akulankhula Chingerezi pafoni atatembenukira kumbali, ndipo mawu alionse amene sindinawamve ndinkati akutsatsa achemwali anga.

Panali malo ena ambiri, ndipo ena ndawasokoneza. Kwina mayi wina anatiperekeza mtunda wautali kwambiri osanena kanthu, mpaka ifenso tinachita kumuperekeza pobwerera, iye n'kutiperekezanso, uku ndi uku mpaka miyendo kuwawa. Potsiriza anangoti tiyende bwino. Anti anati kusanena kanthuko si kuvomera, ndipo zake anaziika pambali. Kwina bambo wina anakana tisanakhale n'komwe pansi, Anti n'kumuthokoza ngati wawapatsa nkhuku. Kwina tinafika munthu amene tinamujambula chaka chinacho atamwalira, ndipo Anti anapita ndi laputopu kwa ana ake, n'kudikira kuti anawo atiperekeze. Ine ndinkaona zonsezi n'kumati mayi ameneyu amadziwa kubisa dyera lake, chifukwa ntchito yotaya zambiri kuposa zimene ukusunga sindinaionepo.

Umboni ndinaupeza pamudzi wa m'mbali mwa msewu wa tala. Kumeneko palibe anatiyalira mphasa. Ana anatithawa, mayi wa pagolosale anatembenuza nkhope, ndipo Anti anakaima padzuwa pakati pa bwalo ngati mwana wolangidwa kusukulu. Ine ndinapita pamjigo kukapempha madzi, ndipo ndisanamalize kumwa ndinali nditamva zonse.

Zaka za m'mbuyomo Anti anabwera pamudzipo pa galimoto ya bungwe lina. Anajambula mtsikana wotchedwa Esime, amene anachitidwa zoipa ndi munthu wolemekezeka wa pabanja lawo lomwe. Pamphasa mtsikanayo anati chabwino. Dalaivala analiza hutala, Anti anakwera, galimoto inanyamuka. Esime anathamangira galimotoyo akukupiza dzanja, Anti n'kutulutsa lawo pawindo kumubayibitsa. Filimu inaonetsedwa m'tauni, inalowa m'mafoni, inabwerera pamudzipo. Nkhope anali ataibisa, koma aliyense anazindikira mawu ndi chitenje. Abale anamupirikitsa Esime, ati wavula banja, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene ali. Anti amabwera nthawi ndi nthawi kudzafunsa ngati wamveka, n'kuima padzuwa, n'kuchoka opanda yankho.

Titatuluka m'mudzimo, popanda wotiperekeza, ndinawathira nkhani yonseyo kumaso, ndi mchere womwe. Ndinkafuna akane kuti ndiwagwire bodza. Anati zonse ndi zoona, koma ndasiya chimodzi. Anati ataleka kubayibitsa anamuonabe mtsikanayo pagalasi la galimoto akuthamangabe, ndipo mumtima anadziwa kuti munthu wotsanzika sathamanga choncho, koma sanauze dalaivala kuti aime. Kuyambira tsiku limenelo chikwama sindinkachisiya ngakhale popita kuthengo.

Kumzinda tinakhala m'kachipinda ka kuseri kwa saluni, momwe munkanunkha tsitsi lowauka. Uko ndinaphunzira kudula, ndiko kuti kusankha zotsala ndi zochoka, n'kulumikiza mawu a uyu ndi chete wa uje mpaka zikhale filimu imodzi. Tsiku lina Anti anasiya laputopu yotsegula n'kupita kukatunga madzi. Kuwerenga ndimatha pang'ono, bola zilembo zikhale zazikulu. Ndinasakasaka dzina loyamba ndi F. Ndinapeza mitengo yokhayokha: mkuyu, mthethe, mbawa, msangu. Munthu aliyense anamulemba ndi dzina la mtengo umene anabwererapo powaperekeza. A Fanesi munalibe. Ndinati basi, agulitsidwa kale.

Anti atabwera ndinawafunsa. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo n'kundionetsa kamemori, kaja ka ngati chikhadabo. Anati a Fanesi alibe mtengo, choncho sanalowe nawo mu laputopu, ndipo sadzalowa mpaka eni ake atanena ali panjira. Ndinapempha kuti ndimveko pang'ono chabe, poti ndine mng'ono wawo. Anamanganso mfundoyo n'kuti ndiye ndikawafunse achemwali angawo.

Koma tsiku lina ndinamva Anti akuuza mnzawo wa saluni, uku akulukidwa tsitsi, kuti filimuyo ili ngati nyumba yomanga bwino yopanda denga. Anati pa zonse zimene anajambulapo chiyambire, palibe chofika pa zimene zili pamfundopo, ndipo pali anthu amene akufuna kuionetsa filimuyo m'maholo aakulu ngati itamalizidwa msanga. Mnzawoyo anafunsa kuti nanga mtsikanayo si anavomera kale. Anti anangogwira mfundo ija. Ndinaona mmene anaigwirira, ngati munthu wanjala wosunga mbewu. Ndinadziwa kuti amawafuna mawuwo kuposa mmene ndinkawafunira ine.

Kenako mmawa wina anati tikupita kwanu. Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa, ngati wina anaipinda. Ndinafika diresi itandithina, mawondo ali pamtunda. Mjigo anali ataupaka utoto wina, ndipo ana amene ndinawasiya akukwawa anandifunsa kuti ndikufuna ndani. Amayi anali ndi imvi pamphumi. A Fanesi anali atadzala ndiwo zamasamba mpaka m'mphepete mwa mpanda, n'kulekeza pomwepo. Chitseko chija chinali chikadali kukhonde, nkhuku zikuikira kuseri kwake.

Anti anapatsa a Fanesi laputopu ndi mahedifoni kuseri kwa nkhokwe kuti adzionere okha. Ife tinakhala patali. Ndinkaona msana wawo wokha, ndipo msana sunena zambiri. Atamaliza, kamemori kanabwerera pamfundo, mphasa inayalidwa. Amayi anati palibe vuto. A Fanesi anati chabwino. Anti anagwedeza mutu, anapita pakhomo la mpanda, anawerama pa zingwe za nsapato. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndinyamule chikwama, koma ndinapeza dzanja lina lafika kale.

"Siya. Iwe tinakutuma ulendo watha, taona mmene unachedwera."

A Fanesi anasenza chikwamacho pamutu, anaima pamalire paja, kenako anaponda kunja. Ankayenda ngati munthu wowoloka mtsinje wosaudziwa kuya kwake. Pamjigo zidebe zinasiya kulira. Ine ndinkatsatira m'mbuyo, ndipo osatembenuka anandiuza kuti ndibwere, koma wailesi ikhale yozima. Tinadutsa manda. Tisanafike pamlatho pali kampoza kopanda ndi mthunzi womwe, koti ndinakadutsa moyo wanga wonse osakaona. Pamenepo anatula chikwama. Sanayambe ndi za mvula ngati anthu ena.

"Fufutani, Anti."

"Pati?"

"Zonse."

Anti anagwira mfundo ya pachitenje chawo. Kenako anati amva, koma akufuna a Fanesi adziwe chinthu chimodzi asanafufute, kuti pali atsikana ena amene akukonzekera ulendo wa kumchenga, ndipo mawuwo akhoza kuwabweza. Anati akunena zimenezi kamodzi kokha, sabwerezanso. Ine ndinati mumtima, eya, njala ija yatuluka. A Fanesi anati akudziwa, ndipo mwina tsiku lina adzawauza atsikanawo ndi pakamwa pawo, akuwaona m'maso. Anati tsiku lija ankafuna munthu woti awamve kenako achoke nazo, apite kutali. Anti anamva, anachoka nazo, ndipo nthawi yonseyi iwo a Fanesi akhala akupeza tulo podziwa kuti zili kutali. Koma lero adziona akulankhula, ndipo sakufuna kuti mtsikana wa mu laputopuyo aziyenda m'maholo iwo atatsala kuno.

Anti anamasula mfundo. Analowetsa kamemori mu laputopu, anasonyeza a Fanesi podina, ndipo a Fanesi anadina okha. Sipanamveke kanthu. Ine ndinkaganiza kuti chinthu chotere chimalira pochoka.

Sindinapirire. Ndinati pali pena pamene anasunga zina, anthu a makina sasunga chinthu malo amodzi. Anti ananditembenuzira laputopu kuti ndifufuze, koma ndikanaona chiyani ine, kupatula mitengo? A Fanesi anawayang'ana m'maso n'kufunsa ngati pali pena. Anti anati palibe. A Fanesi anati amva. Kaya zinali zoona, mpaka lero sindikudziwa. Ndinayenda nawo zaka mayi amene uja, sindinawagwirepo bodza, koma kuyang'anitsitsa sindinasiye.

Anti anabereka okha chikwama, anatiyang'ana tonse awiri n'kuti tibwerere pano. Ulendo uno ndinabwerera. Ndinacheuka n'kuwaona akuwoloka mlatho ndi filimu yawo yopanda denga, akuyendabe pang'onopang'ono ngakhale panalibe wowatsatira.

A Fanesi anandigwira pamkono kuti ndisafulumire. Anati kale ankafuna wowamva amene achoke, tsopano akufuna wowamva amene sachoka. Ndipo anayamba. Anayambira pabwalo la ndege, pamene anawalanda pasipoti, n'kupitirira. Kuchokera pampoza kufika pampanda si patali, koma tinafika dzuwa litapendeka. Ndinamva zonse zimene ndinazitsatira m'midzi ndi m'matauni, ndipo sizinali zokoma ngati mmene ndinkaganizira. Zinali zolemera basi. Sanandiuze kuti ndisauze munthu. Ndikanakonda akanandiuza, chifukwa lamulo umatha kulizemba, koma ichi sindikudziwa pochizembera.

Tsopano mawuwo ali malo awiri okha padziko, ngati Anti sananame, mwa eni ake ndi mwa ine. Mwa ine, Kawailesi. Ndikapita pamjigo amayi a pamudzi amasiya kupopa n'kumandiyang'ana pakamwa. Ena amandiyamikira tsitsi, ena amanditcha mlamu ngakhale sitili pachibale chilichonse, wina anachita kundisenzetsa ndowa n'kuyenda nane mpaka pampanda, akukokeza mapazi. Ndimawauza za amuna a Anti, amene akuchulukirabe. Koma lilime limadziwa kuti ndikulinamiza, ndipo masiku ena limadzuka lili lolemera ngati mwala wonolera mpeni. A Fanesi akamadutsa ndi ndowa yawo, poti tsopano amatunga okha madzi, samandiyang'ana n'komwe ngati munthu wokayikira. Zimenezo ndi zimene zimandiopsa kwambiri.

Inunso ndakuonani. Mwayenda nane kuchokera pamjigo mpaka pano, ndipo pamene ndinati a Fanesi anayamba, munasendera pafupi. Ndiuzeni zoona, poti tili panjira: mwandiperekeza mtunda wonsewu chifukwa cha ine, kapena mukudikira kuti wailesi itseguke?